Mafunso ndi mayankho: N'chifukwa chiyani dziko limalira kwambiri akafa oyenda mumlengalenga?

Kumapeto kwa Januwale chaka chilichonse, bungwe la NASA ku America limakhala ndi tsiku lokumbukira anthu ake amene anafera pantchito yopita mumlengalenga. Amaika nkhata zamaluwa, amatchula mayina, ndipo anthu a m'mayiko akutali amene sanawaonepo malemuwo amagwidwa chisoni. Pamenepo sipalephera wina kufunsa kuti: nanga enawa, amene amafa tsiku ndi tsiku pamsewu, m'migodi ndi m'zipatala, bwanji sitiwalira chomwechi? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo m'munsimu ndayesa kuliyankha mbali ndi mbali.

Kodi anthu amene anafera paulendo wa mumlengalenga ndi angati kwenikweni?

Ndi ochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa maulendo anayi amene anathera m'maliro, anafa anthu 18.

Woyamba anali Vladimir Komarov wa ku Soviet Union. Pa 24 Epulo 1967 parachuti ya chombo chake, Soyuz 1, inakanika kutambasuka ndipo chombocho chinamenyetseka pansi. Mu Juni 1971 anafa atatu a m'chombo cha Soyuz 11: Georgy Dobrovolsky, Vladislav Volkov ndi Viktor Patsayev. Valavu ina inatseguka akubwerera, mpweya wonse n'kuthawa. Chombocho chinatera bwinobwino, koma amene anakatsegula chitseko anapeza onse atatu atafa ali m'mipando yawo. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha Challenger chinasweka patangopita masekondi 73 chinyamukireni, ndipo anthu 7 anafa. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha Columbia chinaphwasuka m'mwamba mwa Texas kutangotsala mphindi 16 kuti chitere. Anafanso 7.

Ambiri amawonjezerapo Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee a Apollo 1. Iwowa anafa pa 27 Januwale 1967 chombo chili pansi, pa nthawi yoyeserera, moto utabuka m'kachipinda kodzaza ndi mpweya wa okosijeni. Chitseko chinali chotsegukira mkati, ndipo analephera kuchitsegula.

Nanga imfa "zamasiku onse" n'zochuluka bwanji?

Padziko lonse pamafa anthu oposa 150,000 tsiku lililonse. Bungwe la zaumoyo la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, kutanthauza oposa 3,000 patsiku. Malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana aang'ono. Tikatenga anthu onse amene anafera m'zombo za mumlengalenga m'zaka zoposa 60, misewu ya padziko imafikitsa chiwerengero chomwecho mphindi khumi zisanathe.

Ndiye zimatheka bwanji kuti anthu 7 atigwire mtima kuposa anthu 3,000?

Chifukwa mtima wa munthu suwerenga manambala. Umagwira dzina, nkhope ndi nkhani.

Katswiri wina wa zachuma, Thomas Schelling, analemba za zimenezi mu 1968. Anasiyanitsa moyo wa munthu wodziwika dzina ndi moyo wa munthu wa m'chiwerengero. Mwana mmodzi akamafunika opaleshoni, chithunzi chake chili m'nyuzipepala, anthu amasonkha ndalama mosanyinyirika. Koma muwauze anthu omwewo kuti msonkho ukakwera pang'ono zipatala zidzapulumutsa anthu ambiri amene sitikuwadziwa, manja amauma.

Patapita zaka, Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anayesa zimenezi ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2007. Anapatsa anthu ndalama pang'ono n'kuwapempha kuti athandize bungwe losamalira ana. Gulu lina analiuza za mamiliyoni a anthu amene akuvutika ndi njala. Gulu lina analionetsa chithunzi cha kamtsikana kamodzi ka zaka 7, n'kulitchulira dzina lake. Amene anaona kamtsikanako anapereka zambiri. Koma chimene chimandisautsa ine ndi gulu lachitatu: iwo anaonetsedwa kamtsikanako pamodzi ndi manambala aja, ndipo zopereka zawo zinatsika. Manambala sanawonjezere chifundo. Anachiziziritsa. Slovic amati chiwerengero chikamakula mtima umachita dzanzi, ndipo munthu amayamba kuona ngati thandizo lake ndi dontho lamadzi m'nyanja.

Tsono taganizirani woyenda mumlengalenga. Asananyamuke n'komwe, dziko limakhala litamudziwa kale: kumene anabadwira, sukulu imene anaphunzira, ana ake, mmene amasekera. Chithunzi chake atavala zovala zantchito, chisoti chili m'manja, chimakhala chitasindikizidwa paliponse. Akafa, palibe amene amayamba n'kufunsa kuti anali ndani. Koma dalaivala amene wafa usiku pamsewu waukulu, nkhani yake imatuluka m'mizere iwiri, mwinanso popanda dzina: "anthu anayi afa pangozi". Kwa banja lake iye ndi bambo, ndi mwana, ndi wosaka chakudya. Kwa ife owerenga ndi mmodzi mwa anayi.

Kodi kuonerera pa TV kuli ndi mbali yake?

Kwambiri. Imfa zambiri zimachitika kuseri, ndipo timangomva mawa lake. Ya Challenger inachitika masana, kuthambo koyera, makamera akujambula. M'chombomo munali Christa McAuliffe, mphunzitsi wa kusekondale wa ku Concord, New Hampshire, amene anasankhidwa pakati pa aphunzitsi oposa 11,000. Amayenera kukaphunzitsa ana ali mumlengalenga, choncho masukulu ambiri ku America anali atakonza zoti ana aonere kunyamukako m'makalasi. Makolo ake anali pomwepo ku Florida, maso ali kumwamba. Utsi utagawikana pawiri, ana amene anali akuombera m'manja anangoti zii, aphunzitsi awo akusowa chonena. Zithunzi zimenezo zinabwerezedwa masiku ambirimbiri.

A Soyuz 11 nawonso anthu a ku Soviet Union anali atawazolowera. Kwa masabata atatu ankawaona pa TV ali m'siteshoni ya Salyut 1, akuyandama, akuchita masewera olimbitsa thupi, akuseka. Anthu ankayembekezera kuwalandira ndi chisangalalo, koma analandira maliro.

Palinso china. Chinthu chosowa ndi chochititsa mantha chimakhazikika m'mutu, pamene chozolowereka chimadutsa osachiona. Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasonyeza mu 1973 kuti anthufe timayeza kukula kwa chinthu potengera mmene chimabwerera msanga m'maganizo. Roketi yophulika munthu saiiwala. Chifuwa chachikulu, chimene chimapha anthu oposa miliyoni imodzi chaka chilichonse, chilibe chithunzi chimodzi chimene dziko lonse lingakumbukire.

Koma munthu angalire bwanji munthu amene sanakumanepo naye? Si chinyengo chimenecho?

Ayi, si chinyengo. Nthawi zambiri wolirayo amakhala akulira chinthu chake chimene anachiika mwa malemuyo.

Ronald McNair, amene anafa pa Challenger, anakulira ku Lake City, South Carolina, pa nthawi ya tsankho. Ali ndi zaka 9 anamukaniza kubwereka mabuku kulaibulale chifukwa anali wakuda, mpaka apolisi anaitanidwa. Mwana yemweyo anadzakhala dokotala wa fizikisi ndiponso munthu wachiwiri wakuda wa ku America kupita mumlengalenga. Kalpana Chawla wa pa Columbia anabadwira ku Karnal, ku India, ndipo atsikana ambiri kumeneko ankamuona ngati umboni woti khomo limene iwo ankaliyesa lotseka lingatseguke. Ilan Ramon, amenenso anafa pa Columbia, anali munthu woyamba wa ku Israel kupita mumlengalenga, ndipo mayi ake anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene boma la Hitler linkapherako Ayuda. Anthu otere akafa, amene ankawayang'anira amamva ngati chathyoka ndi chiyembekezo chawo chomwe. Chisoni chimenecho n'chenicheni, ndipo sindingachinyoze.

Kodi maboma amathandizira kukuza maliro amenewa?

Inde, ndipo mbali imeneyi anthu ambiri amailumpha. Chisoni cha dziko lonse sichimangomera chokha ngati bowa. Pamakhala amene amaimika mbendera pakati, amene amalemba mawu a mtsogoleri, amene amasankha dzina loti lilembedwe pamwala.

Tsiku limene Challenger inasweka, Pulezidenti Ronald Reagan amayenera kulankhula ku nyumba ya malamulo. Anaimitsa zimenezo n'kulankhula kwa mtundu wonse za anthu 7 aja, ndipo mbali ina analankhula mwachindunji kwa ana asukulu. Mu 1969, Apollo 11 isanabwerere, William Safire anali atalemberatu mawu oti Pulezidenti Richard Nixon adzawerenge ngati Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin akanakanika kuchoka kumwezi. Maliro anali atakonzedwa anthu akadali moyo. Ku Soviet Union, phulusa la Komarov ndi la atatu a Soyuz 11 linaikidwa m'khoma la Kremlin, likulu la boma ku Moscow. Zonsezi zinkachitika pa mpikisano waukulu wa mayiko awiriwa, pamene woyenda mumlengalenga ankanyamula ulemu wa dziko lake lonse.

Umboni woti boma limasankha woliridwa uli pa imfa zimene linabisa. Valentin Bondarenko, mnyamata wa zaka 24 amene ankaphunzira limodzi ndi Yuri Gagarin (amene anadzakhala munthu woyamba kupita mumlengalenga), anapsa pa 23 Malichi 1961 m'chipinda choyeserera chokhala ndi okosijeni wambiri. Panali patatsala masabata osakwana atatu kuti Gagarin anyamuke. Boma linakhala chete, ndipo nyuzipepala za m'dzikomo zinadzaulula nkhaniyi mu 1986. Mu 1971 a Apollo 15 atasiya kumwezi kachiboliboli ndi kachitsulo kolembedwa mayina 14 a anzawo amene anamwalira, a ku America ndi a ku Soviet Union omwe, dzina la Bondarenko panalibe, chifukwa sankadziwa kuti kunali munthu wotero. Pa 24 Okutobala 1960 roketi yankhondo inaphulika ku Baikonur, malo oulutsira maroketi a Soviet Union, n'kupha anthu makumimakumi, kuphatikizapo mkulu wa asilikali Mitrofan Nedelin. Anthu anauzidwa kuti Nedelin wafa pangozi ya ndege, ndipo zoona zake zinatuluka mu 1989.

Ndiye si ntchito ya mumlengalenga payokha imene imabweretsa misozi ya dziko. Imfa yopatsa dziko ulemu imalengezedwa, yochititsa manyazi imakwiriridwa.

Kodi onse amene anafera ntchito imeneyi amakumbukiridwa mofanana?

Ayi. Amene amafera pansi, akukonza roketi, ndi ambiri kuposa amene amafera m'mwamba, koma mayina awo samveka. Pa 18 Malichi 1980 anthu 48 anafa ku Plesetsk ku Soviet Union roketi itaphulika akuithira mafuta. Pa 22 Ogasiti 2003, miyezi yochepa chichitikireni ngozi ya Columbia, mainjiniya ndi amisiri 21 anafa ku Alcântara ku Brazil. Kwawo anawalira, koma kunja kwa Brazil ndi anthu ochepa amene anamvako. Mu Malichi 1981, Columbia isanauluke ulendo wake woyamba, amisiri analowa m'chigawo cha chombocho chimene chinali chodzaza ndi mpweya wa naitirojeni, ndipo John Bjornstad ndi Forrest Cole anataya miyoyo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya anthu awiri amene anafa akufunafuna zidutswa za Columbia. Pa 27 Malichi 2003 helikopita inagwa m'nkhalango kum'mawa kwa Texas, ndipo woyendetsa, Jules Mier, ndi wogwira ntchito za nkhalango, Charles Krenek, anafa. Ankathandiza kuti mabanja a anthu 7 aja adziwe chimene chinapha abale awo. Amene angatchule anthu a pa Columbia ndi ambiri ndithu. Amene angatchule awiriwa ndi owerengeka.

Ngakhale Gagarin mwiniwake sanafe yekha. Ndege imene inagwa naye pa 27 Malichi 1968 munalinso mlangizi wake, Vladimir Seryogin, msilikali wodziwika wa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kunja kwa Russia dzina lake silitchulidwa kawirikawiri.

Anthu amenewa ankadziwa kuti ntchito yawo ndi yoopsa. Kodi zimenezi siziyenera kuchepetsa chisoni chathu?

Kwa anthu ambiri zimachikulitsa, chifukwa timalemekeza munthu amene walowa pangozi maso ali tseguke pofuna chinthu choposa iye mwini. Zombo za mtundu wa Challenger ndi Columbia zinauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, ndipo ziwiri zinawonongeka. Munthu amene amakwera chombo chotero ndi wolimba mtima, palibe angatsutse.

Koma pali ziwiri zofunika kuwonjezera. Choyamba, msodzi wa panyanja yaikulu, wokumba mgodi, ndi namwino wa pa nthawi ya mliri nawonso amadziwa kuopsa kwa ntchito yawo, ndipo amapitabe. Kusiyana kwake n'kwakuti woyenda mumlengalenga anaifuna ntchitoyo pakati pa ntchito zambiri zimene akanatha kugwira, pamene enawa nthawi zambiri alibe kolowera kwina. Ine sindikuona chifukwa chimene kusowa kolowera kungachepetsere kulimba mtima kwa munthu.

Chachiwiri, a pa Challenger sankadziwa zonse. Injiniya Roger Boisjoly anali atalemba kalata mu Julayi 1985 yochenjeza kuti mphira zotsekera polumikizira maroketi zingalephere. Usiku woti mawa chombo chinyamuka, iye ndi anzake anapempha kuti ulendo uimitsidwe chifukwa kunja kunazizira kwambiri ndipo mphirazo zimauma kukazizira. Mabwana sanamve. Kuvomera ngozi ya ntchito ndi nkhani ina, kufa chifukwa wina ananyalanyaza chenjezo ndi nkhani inanso.

Kodi zimenezi zimachitika ndi oyenda mumlengalenga okha?

Ayi. Mu 2010 dziko lonse linatsatira anthu 33 amene anatsekeredwa mumgodi wa San José ku Chile kwa masiku 69 mpaka anatulutsidwa amoyo. Analinso ndi mayina, nkhope, ndi mabanja odikira panja. Mu Juni 2023 kachombo koyenda pansi pa nyanja ka Titan kanasowa ndi anthu asanu, ndipo kwa masiku anayi nkhani zonse zinali pamenepo. Masiku anayi okha izi zisanachitike, boti lodzaza ndi anthu othawa kwawo linamira pafupi ndi Pylos ku Greece. Anapulumuka 104. Mazanamazana anamira, ambiri mwa iwo osapezeka n'komwe. Nkhani ziwirizi zinachitika sabata imodzi, ndipo aliyense amene ankatsatira nkhani nthawi imeneyo akudziwa kuti ndi iti imene inamveka kwambiri.

Ndiye tinene kuti kulira oyenda mumlengalenga n'kulakwa?

Sindikuganiza choncho. Chisoni si chakudya cha m'mbale choti wina akatapa kwambiri mnzake asowa. Munthu amene analira Christa McAuliffe sanalande misozi kwa mwana amene anafa ndi malungo tsiku lomwelo. Komanso palibe munthu amene angalire anthu 150,000 tsiku lililonse n'kukhalabe wamoyo. Dzanzi limene Slovic amanena lili ndi ntchito yake: limatithandiza kudzuka m'mawa.

Tisaiwalenso kuti imfa "yamasiku onse" kulibe kwa anamfedwa. Mayi amene wataya mwana pangozi ya basi amalira mozama kuposa munthu aliyense amene anaonera Challenger pa TV. Chisoni cha dziko n'chotambalala koma n'chosaya, ndipo pakapita sabata anthu amabwerera ku zawo. Cha banja n'chopapatiza, koma chimakhala zaka. Mabanja a oyenda mumlengalenga nawonso anatsala ndi chisoni chachiwirichi makamera atachoka, ndipo kuwonjezera apo ankaona imfa ya wokondedwa wawo ikubwerezedwa pa TV chaka ndi chaka.

Cholakwika chimayamba pamene kukula kwa maliro tikuyesa muyeso wa mtengo wa munthu, ndiponso pamene ndalama ndi chidwi cha olamulira zikutsatira misozi m'malo motsatira kumene anthu akufa.

Kupatula misozi, n'chiyani chimene oyenda mumlengalenga amalandira chimene ena salandira?

Funso lakuti "chachitika n'chiyani?" limafunsidwa mozama, ndipo limayankhidwa. Kwa ine, kusiyana kwenikweni kuli pamenepa.

Apollo 1 itapsa, chombo chinapasulidwa kachidutswa ndi kachidutswa. Chitseko chinasinthidwa kuti chizitsegukira kunja m'masekondi ochepa, ndipo zinthu zosachedwa kuyaka zinachotsedwa. Soyuz 11 itapha anthu atatu, maulendo anaima zaka zoposa ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wokwera Soyuz amavala zovala zosunga mpweya ponyamuka ndi potera. Challenger itasweka, pulezidenti anakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo mmodzi wa mamembala ake, Richard Feynman, anaviika kamphira m'madzi oundana pamaso pa makamera kuti aliyense aone kuti kakazizira sikabwerera msanga m'malo. Zombozo zinaima miyezi 32. Columbia itaphwasuka, anthu oposa 25,000 anayenda m'minda ndi m'nkhalango n'kutola zidutswa pafupifupi 84,000. Ofufuza anapeza kuti chidutswa cha zokutira thanki yamafuta chinaboola phiko lakumanzere ponyamuka. Anapezanso kuti zidutswa zotere zinali zitagwapo maulendo ambiri m'mbuyomo, ndipo akuluakulu anali atazizolowera chifukwa palibe amene anali atafa nazo. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Diane Vaughan anali atafotokoza kale khalidwe limeneli pofufuza za Challenger: cholakwika chikabwerezedwa popanda tsoka, anthu amayamba kuchiona ngati chabwinobwino.

Palibe amene ananena kuti "inali nthawi yawo" n'kutseka faelo. Koma ndi mmene imfa zambiri zapamsewu ndi zapantchito zimathera. Timazitcha ngozi, ngati kuti zinagwa kuchokera kumwamba, chonsecho pakona yomweyo panafa anthu chaka chatha, ndipo makina omwewo anadula munthu wina mwezi wapitawu.

Kodi imfa zamasiku onse zingafufuzidwe motero? Si zochuluka kwambiri?

Pali amene anayesa. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya ku Sweden inavomereza mfundo yotchedwa Vision Zero, yonena kuti imfa ya munthu pamsewu si mtengo woyenera kulipira kuti magalimoto aziyenda. Kuyambira chaka chimenecho, ngozi iliyonse yapamsewu imene yapha munthu imafufuzidwa payokha. Ofufuza samangofuna kudziwa amene analakwa, poti munthu kulakwa amalakwa ndithu. Amafunsa kuti n'chifukwa chiyani kulakwako kunathera mu imfa: liwiro lololedwa pamalopo linali lotani, galimoto inateteza bwanji amene anali mkati, msewu unamangidwa motani. Mayankho ake anasanduka zotchinga pakati pa misewu kuti magalimoto asawombane maso ndi maso, maraundabauti m'malo mwa mphambano, ndi liwiro lotsika kumene anthu amayenda pansi. Mu 1997 anthu oposa 500 anafa pamisewu ya ku Sweden. Mu 2019 anali osakwana 250, ngakhale kuti magalimoto anali atachuluka.